Polishi pa Mipando ya Bwana

"Ine chikopa chimandimvera," anatero Katswiri, paipi yamadzi ili paphewa. "Mundipatse mpando wong'aluka ngati chidendene cha mlimi, pofika masana mudziyang'anirapo pometa ndevu."

Ankauza mwini minibasi wina amene analibe kothawira, poti matayala a galimoto yake anali adakali m'thovu. Kuseri kwa thanki, pa benchi, kunakhala dalaivala wina wachikulire akudikira kuti galimoto ya bwana wake iume. Anamva zonse. Katswiriyo anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake. Dalaivalayo anangokumbukira kuti chaka chatha munthu yemweyu ananena kuti mawaya amagetsi amamumvera, ndipo banja lonse linaphikira pa makala mwezi wathunthu.

Dzina loti Katswiri anadzipatsa yekha. Anzake a pamalo otsukira magalimotowo analivomera chifukwa kulivomera kunali kwachidule kuposa kukangana naye.

Dalaivala anali atayendetsa Bwana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Bwanayo anapuma ntchito kalekale ku ofesi ina yaikulu, koma kulamula sanapume. Anali m'makomiti asanu ndi imodzi, ndipo onsewo ankawatsogolera ndi iye. Galimoto yake inali yaitali, yakale, ya mipando yachikopa yofiirira ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Mpando wa dalaivala unali utang'aluka m'mbali, ndipo wakumbuyo kumanzere, pomwe Bwana ankakhala, unali utada ndi kusalala.

"Mipando iyi yayamba kundichititsa manyazi," anali atanena Bwana m'mawa umenewo. "Uone chochita. Lachitatu ndikukalankhula ku msonkhano waukulu."

Kunyumba nako mkazi wa dalaivala anali atamuimbira nyimbo imodzimodzi kwa miyezi. "Achimwene amadandaula, bambo a ana. Akuti mumawaona ngati otsuka matayala basi. Apatseniko ntchito yooneka kamodzi."

Choncho galimoto itauma, dalaivala anadzuka pa benchi, akudziwa bwino lomwe kuti akulakwitsa, n'kupereka makiyi kwa mlamu wake.

Katswiri anagula zitini ziwiri za polishi wa nsapato wofiirira. Anapaka, anakwecha ndi bulashi, anapakanso. Kunena zoona, mipando inawala. Bwana ataiona anagwedeza mutu, n'kunena kuti nthawi zonse amadziwa kuti galimoto yakeyo ndi yapamwamba.

Lachitatu kunatentha. Galimoto inakhala padzuwa m'mawa wonse, mawindo ali otseka. Bwana anatuluka m'nyumba atavala suti yake yoyererako, ija ya masiku akuluakulu, ndipo anakhala pamalo pake ulendo wa mphindi makumi anayi. Atafika, anadutsa pakati pa holo yodzaza, pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chake, kuti aliyense amuone. Aliyense anamuonadi. Kuyambira m'mapewa mpaka kuseri kwa mawondo, sutiyo inali itajambula mpando wonse, ndi misoko yake yomwe.

Palibe anaseka, ndipo zimenezo n'zimene zinamuwawa kwambiri pambuyo pake. Analankhula ola lathunthu asakudziwa kanthu, mpaka mayi wina wachifundo anamunong'oneza pa nthawi ya tiyi. Anatuluka m'holomo chafutambuyo, nyuzipepala ili kumbuyo.

M'galimoto anakhalira nyuzipepala yomweyo. Atadutsa mphambano ziwiri anafunsa.

"Wapaka ndani?"

Dalaivala anaganiza mwachangu. Akatchula mlamu wake, Bwana apita kwa mwini malo otsukira aja, Katswiri achotsedwa ntchito, ndipo pasanathe mwezi adzakhala ali pakhomo pa dalaivalayo ndi mkazi, ana anayi ndi wailesi.

"Ndine, bwana."

"Iwe. Zaka zonsezi." Bwana anapumira m'mwamba. "Loweruka m'mawa mipando iyi ikhale yoti munthu n'kukhalapo. Apo ayi, makiyi patebulo."

Katswiri atamva nkhaniyo sanagwedezeke. "Vuto ndi suti, alamu. Nsalu za masiku ano zimayamwa kwambiri. Koma musadandaule, tithira petulo pang'ono, zonse zichoka."

Dalaivala anakalowa m'galimoto n'kukiya zitseko zonse.

Wokonza matayala wa pakona ndiye anamulozera njira. "Kuseri kwa owotcherera zitsulo kuli mayi wa zikopa. Salankhula zambiri, ndipo zochepa zomwe amalankhulazo sizikoma. Koma pitani."

Kachipinda ka mayiyo kanali kopapatiza, konunkhira guluu ndi chikopa. Kudenga kunalendewera zikwama ndi malamba, pakona panali makina osokera akale, ndipo pashelefu panandandalika mabotolo opanda zolemba. Mwini wake anali wamfupi, wa imvi, wovala magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anamvetsera nkhani yonse akusoka chogwirira cha chikwama. Atamaliza msoko wake ndi pamene anadzuka.

"Ikani galimoto pamthunzi apo. Tsegulani zitseko zonse."

Sanayambe ndi maso. Anayendetsa chikhatho pa mpando uliwonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngati namwino wofufuza pamene pakupweteka. Ananunkhiza chala chake. Kenaka anaviika chala m'kapu n'kudontheza dontho limodzi la madzi pa mpando wa Bwana. Dontholo linangokhala pamenepo, lozungulira, osalowa.

"Mwachitseka pakamwa," anatero. "Chikopa chimapuma, bambo. Nsapato imapakidwa phula chifukwa imayenda m'matope. Mpandowu umayenda m'matope ati?"

"Ndinalakwitsa, amayi."

Mayiyo anawerama, n'kuyang'ana mpandowo cham'mbali, pomwe kuwala kunkagwera. "Bulashi yayenda kuchokera uku kupita uku, ndipo mphamvu yathera mbali ino. Wopaka apa ndi wamanzere. Inu chitseko mwatsegula ndi dzanja lamanja, chipewa mwavula ndi lamanja."

Dalaivala anayang'ana nsapato zake.

"Sindikufunsani kuti ndani. Za m'banja mwanu n'zanu. Koma masiku ndi awiri, manja anga ndi awiri, mipando ndi isanu. Mubwere naye mawa. Amene anapaka ndi amene akudziwa kumene anathira wambiri."

Katswiri anayamba wakana. Anati iye sangakaphunzitsidwe ntchito ndi munthu wosoka zikwama. Mlongo wake, amene tsopano anali atamvetsa bwino pamene nyimbo yake ija inawafikitsa, anaika pansi mbale imene ankatsuka.

"Achimwene, mupita. Alamu anuwa akachotsedwa ntchito, tonse tikubwera kwanu. Ine, iwowa, ana, ndi apongozi anga omwe. Ndipo apongozi anga amadzuka ndi nyimbo."

Lachinayi m'mawa Katswiri anafika atavala ovolosi yochapa bwino, n'kulengeza kuti wabwera kudzathandizana maganizo. Mayi wa zikopa anamupatsa mswachi.

"Wa chiyani uwu?"

"Wa m'misoko. Polishi wanu wadzaza m'mabowo a ulusi. Bowo lililonse palokha."

"Amayi, mabowowa ndi masauzande."

"Ndiye yambani."

Mayiyo anapala sopo wofewa m'kabeseni ka madzi ofunda, n'kutakasa mpaka thovu linakwera. Madziwo sanawakhudze. Ankatapa thovu lokha ndi bulashi yofewa, n'kuzunguliza pa kadera kosaposa chikhatho, kenaka n'kupukuta ndi kansalu koyera. Kansaluko kakafiira ankakaponya m'ndowa n'kutenga kena. Asanayambe mpando uliwonse ankayamba wayesa pansi, pamene diso silifika, n'kudikira kuti aone ngati mtundu wa chikopa ukutsatira kansalu. Dalaivala anapatsidwa ntchito yochapa tinsaluto ndi kutiyanika, ndipo pofika masana chingwe chonse cha owotcherera chinali chitadzaza.

Katswiri anapirira ola limodzi. Kenaka ananyamula kabeseni kuti akhuthulire pa mpando wakutsogolo. Mayiyo anamugwira pamkono asanapendeketse.

"Madzi akalowa m'kati, siponji ya pansi iwasunga. Pakatha sabata bwana wanu azidzanunkha ngati galu wonyowa."

"Tiyanika padzuwa."

"Mukayanika padzuwa chiuma ngati chikwapu, n'kusweka. Bambo, kodi kwanu kuli moto umene mukuthamangira kukazima?"

Owotcherera, amene anali atazimitsa makina awo kuti amve bwino, anawayatsanso msanga.

Panali malo ena pamene thovu linalephera, makamaka pa mpando wa Bwana, pomwe kutentha kunasungunula polishi n'kumulowetsa m'kati. Apo mayiyo ankanyowetsa kathonje ndi mankhwala a m'botolo laling'ono, n'kudinda pang'onopang'ono, osakwecha.

"Pakona apo ndinabwereza katatu," anatero Katswiri mosayembekezereka, akuloza ndi mswachi. "Ndi kuseri kwa chotsamira mutu."

"Mwaona? Ndicho ndinakuitanirani."

Pofika madzulo kuwala konse kunali kutachoka. Mipando inaoneka yotuwa, yokalamba, ming'alu yake yonse ili poyera. Dalaivala anasuzumira m'kati.

"Amayi, yaipa kuposa kale."

"Yaoneka mmene ilili. Munthu akavula ndi pamene dokotala amayamba ntchito." Anadonthezanso dontho la madzi. Linakhala pang'ono, kenaka linayamba kulowa, n'kusiya kadontho kakuda. "Chatsegula pakamwa. Chisiyeni chigone, mawindo otsegula pang'ono."

Lachisanu linali tsiku la ming'alu. Mayiyo anatenga phala loyera la m'kachitini n'kumalilowetsa m'mng'alu uliwonse ndi kampeni kopanda mano, kochepa kwambiri nthawi imodzi. Likauma ankapalapo ndi sandipepa yosalala ngati tsaya la mwana, n'kuikaponso lina. Pa ulendo womaliza, phalalo lisanaumitsitse, anatulutsa m'thumba la epuloni kachidutswa ka chikopa chakale n'kukadinda pamwamba pake ndi chala chachikulu. Atakachotsa, timizere ta khungu tinali titatsalira pa phalalo, tofanana ndi ta mpando wonse.

Katswiri anasiya mswachi. Anawerama mpaka mphuno yake inatsala pang'ono kukhudza mpando. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, dalaivala anaona mlamu wake akuyang'ana chinthu osachifotokoza.

"Zimenezi munaziphunzira kuti, amayi?"

"Powononga mipando ya anthu."

"Inuyo?"

"Yambiri. Kungoti ine ndinkapita kwa mwini wake n'kunena kuti ndawononga ndine. Ena ankanditukwana, ena ankandionetsa pamene ndalakwitsa. Otukwanawo ndinawaiwala." Anapukuta kampeni kake. "Ndipatseni siponji iyo."

Makwinya sanawakhudze. Dalaivala atafunsa, anayankha kuti mng'alu ndi bala koma khwinya ndi zaka, ndipo iye amachiza mabala okha.

Kenaka panabwera nkhani ya utoto. Anapinda mpando wakumbuyo n'kuwaonetsa kachigawo ka chikopa kamene sikanaonepo dzuwa chichokereni kufakitale. Anasakaniza madontho a m'mabotolo anayi pa chivindikiro, anapaka kadontho pambali, anadikira kuti kaume, n'kukayang'ana ali chiimire pakhomo la galimoto, kenaka ali chogwada. Anapukuta, anayambanso.

"Wachitatu uja unali bwino," anatero Katswiri atafika pa ulendo wachisanu.

"Kwa inu."

Pa ulendo wachisanu ndi chiwiri mayiyo anavomera ndi mutu. Kenaka anathiramo kadontho kena koyera, chifukwa, anatero, mipando ina yonse yawona dzuwa zaka makumi awiri, ndipo chigamba chooneka chatsopano ndi chigamba ndithu. Utotowo sanaupake ngati wa pakhoma. Ankaudinda ndi siponji, wopyapyala moti poyamba unkaoneka ngati palibe chachitika, n'kudikira, n'kudindanso. Kanayi. Pomaliza anapaka mafuta a chikopa ndi chikhatho chake chenicheni, kuti kutentha kwa dzanja kuwalowetse, n'kupukuta otsala ndi nsalu youma. Mpando womaliza anausiyira Katswiri. Anaima kumbuyo kwake manja ali m'chiuno, ndipo anangomudzudzula kawiri.

Loweruka m'mawa Bwana anabwera pa takisi, atavala thalauza yoyera mwadala. Anabwera ndi mlembi wa imodzi mwa makomiti ake, bambo wowonda wonyamula faelo, kuti akhale mboni. Mboni zina zinabwera zosaitanidwa: owotcherera atatu, wokonza matayala, mayi wogulitsa tiyi ndi makasitomala ake awiri, makapu ali m'manja.

Bwana anazungulira galimoto kawiri. Anasuzumira m'kati. Mipando inali yofiirira mofatsa, yofewa m'maso, yopanda mng'alu. Inkaoneka ngati ya galimoto yakale imene mwini wake amaikonda.

"Sikunyezimira," anatero.

"Yonyezimira ija inakuperekezani kale ku msonkhano," anayankha mayi wa zikopa. "Tulutsani mpango wanu, bambo. Kwechani paliponse pamene mukufuna."

Bwana sanazolowere kutchedwa bambo wamba, koma anatulutsa mpango. Anakwecha pokhalira, potsamira, m'misoko, kuseri kwa chotsamira mutu. Mpango unatuluka woyera. Analowa, anakhala, anadzigwedeza uku ndi uku mwaulemu wake wonse, n'kutuluka. Kenaka anatembenuka n'kupereka msana kwa mlembi. Mlembi anavala magalasi, anawerama, n'kuyendera dera lonselo mosamala.

"Poyera, a tcheyamani."

Mayi wogulitsa tiyi anatsamwa ndi tiyi wake yemwe.

Bwana anakonza kolala. Anthu anali atasonkhana, ndipo iye sanali munthu wotaya gulu la anthu pachabe. Anayamikira ntchito ya mayiyo m'mawu ambiri, ena mwa iwo oyenera. Anati luso lotere likusowa masiku ano, ndipo adzalitchula ku komiti. Kenaka anatembenukira kwa dalaivala.

"Koma nkhani ya mipando ndi ina, nkhani ya nzeru ndi ina. Munthu amene patatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sasiyanitsa nsapato ndi mpando, mawa adzathira chiyani mu injini? Ndaganiza mofatsa. Makiyi ndisunga ine."

Anatambasula dzanja.

Dalaivala anaona ngati msewu wonse wapendekeka. Anaganiza za ana, za zaka zake, za mabwana a masiku ano amene amafuna madalaivala a tsitsi lakuda. Anayang'ana mayi wa zikopa. Mayiyo ankatseka mabotolo ake limodzilimodzi, maso ali pa zivindikiro. Anali atanena kuti za m'banja n'zawo, ndipo sanali munthu wobweza mawu. Dalaivala anapisa m'thumba, n'kuika makiyi m'dzanja la Bwana.

"Bwana, dikirani kaye."

Anali Katswiri. Anatuluka kuseri kwa galimoto akupukuta manja pa ovolosi, zikhadabo zake zili zofiirira ndi polishi wa masiku awiri. Anatsokomola ngati munthu amene akufuna kuyamba nkhani yaitali, koma nkhaniyo inatuluka yaifupi.

"Polishi uja ndinapaka ndine. Zitini ziwiri. Awa sanakhudze ngakhale chivindikiro."

"Ndiwe ndani iwe?"

"Mlamu wawo. Ndimatsuka magalimoto." Kenaka anawonjezera: "Matayala makamaka."

Wokonza matayala anayang'ana owotcherera, owotcherera anayang'ana kumwamba.

"Ndinawauza kuti ndimadziwa chikopa. Sindinkachidziwa. Ananena kuti ndi iwo pofuna kuti ine ndisachotsedwe ntchito. Ngati pali wochotsa, bwana, malo amene ndimagwira ndi apo pa mphambano, mwini wake amafika naini koloko." Kenaka anatembenukira kwa dalaivala, n'kuvula kapusi pamaso pa anthu onsewo. "Alamu, pepani. Ndinakulakwirani."

Dalaivala anali atadziwana ndi munthuyu zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo mawu amenewo anali asanawamvepo akutuluka pakamwa pamenepo.

"Zamveka, alamu. Valani chipewa, dzuwa likuswa."

Bwana anayang'ana uyu, anayang'ana uyo. "Ndiye iwe unandinamiza?"

"Ndinanama, bwana."

"Chifukwa?"

"Ndi mchimwene wa mayi a kunyumba."

Bwana nayenso anali ndi alamu atatu, ndipo mmodzi wa iwo anali m'chipinda chake cha alendo kuyambira chaka chatha, akudikira ntchito imene inali pafupi kupezeka. Anatembenuza makiyi m'dzanja kangapo.

"Ndinadziwa kuyambira pachiyambi kuti pali china," anauza mlembi. "Ndimafuna chituluke chokha." Mlembi anavomera ndi mutu, monga mwa ntchito yake.

Makiyi anabwerera m'dzanja limene anachokera. Za kupita pa mphambano Bwana sanazitchule, ndipo palibe anamukumbutsa.

"Amayi, zikomo," anatero dalaivala, atagwira chipewa pachifuwa. Anafuna kuwonjezera zina, koma mayiyo anali atakhala kale pa makina ake.

"Kansalu konyowa pang'ono sabata iliyonse, mafuta miyezi itatu iliyonse, ndipo muziimika pamthunzi. Pitani, mwanditsekera kuwala."

Dalaivala anatsegulira Bwana chitseko, anatsegulira mlembi, n'kukhala pa mpando wake. Analiza galimoto. Anadutsa pang'onopang'ono pakati pa anthu aja, n'kulowa mumsewu waukulu. Kumbuyo, Bwana anali akusisita mpando ndi chikhatho.

"Anthu ambiri sadziwa," ankauza mlembi, "koma chikopa chimapuma. Ine ndakhala ndikunena zimenezi kwa zaka zambiri."

Mlembi anatsegula faelo n'kulemba.